Mpira ukubwera pakhomo, nanga ndani alipire?



Lolemba lija pa asembule, aphunzitsi a zamasewero atalengeza kuti masewero a ndime ya chipulula a zoni yathu achitikira pabwalo lathu lino, tonse tinakuwa. Inenso ndinakuwa mpaka mawu anasasa. A Fomu 1 anavina, ndipo a Fomu 4 amene amayenda ngati maofesala aja anaiwala ukulu wawo n'kuyamba kuimba mluzu. Zinali zoyenera kutero. Anyamata athu anavutikira kuti afike pamenepa, ena akusewera opanda nsapato, ndipo atsikana a netibo nawonso sanagone.

Koma ndikubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndikutsika kaphiri kathu kaja, ndinakumbukira mawu a agogo anga akuti walira mvula walira matope. Tinalira kuti mpira ubwere kwathu, wabwera, tsono matope ake ndi ndalama. Ndalemba nkhaniyi chifukwa aliyense akukamba za amene agoletse zigoli, koma za ndalamazi tikungonong'onezana kuseri kwa makalasi. Maganizo anga ndi akuti tilandire masewerowa, koma mwana wa sukulu asalipiritsidwe kuti aonere timu yake, ndipo ndalama iliyonse imene ilowe kapena kutuluka ilembedwe pa bolodi lino kuti tonse tiwerenge.

Ambiri timaganiza kuti kuchititsa mpira ndi kungotulutsa mpira ndi wezulo basi. Tiyeni tiwerenge bwinobwino. Udzu wa pabwalo uyenera kutchetchedwa, ndipo mukudziwa mmene udzu umakulira kuno ku Nkhata Bay, kumene mvula imachedwa kusiya. Maenje ndi zulu za chiswe ziyenera kusalazidwa, apo ayi wina athyoka mwendo. Mizere iyenera kulembedwa ndi laimu kapena phulusa. Maneti athu mwawaona nokha, mpira umalowa n'kutulukira kuseri, ndiye pamayamba mkangano woti chagoleka kapena ayi. Pafunika mipira iwiri kapena itatu yabwino, chifukwa umodzi ukagwera m'munda wa chinangwa masewero sangaime kudikira kuti upezeke. Pafunika oimbira mpira ndi owathandiza awiri ochokera kwina, poti pa chipulula palibe timu ingavomere kuti mphunzitsi wa eni bwalo aimbire. Anthu amenewa amafuna ya thiransipoti ndi kangachepe ka m'thumba.

Kenaka pali chakudya. Alendo akabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, sangakhale tsiku lonse ndi njala. Pafunika ufa, kaya wa chimanga kaya wa kondowole, ndiwo monga usipa kapena nyemba, mafuta, mchere, tomato ndi nkhuni. Pafunika madzi akumwa ambiri chifukwa dzuwa la kuno silichita masewera. Pafunika kabokosi ka mankhwala ndi mabandeji, ndiponso ndalama ya kabaza yokhala pambali ngati wina wavulala kwambiri n'kufunika kuthamangira naye kuchipatala. Pafunika anthu oletsa chipwirikiti. Ngakhale zimbudzi zathu ziyenera kukonzedwa, chifukwa zimatichepera kale ife tokha, nanji kukabwera mudzi wonse. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimagwa kumwamba.

Ndamva njira ziwiri zimene anthu akukamba. Yoyamba ndi yoti wophunzira aliyense asonkhe ndalama, ndipo wosasonkha asaonere. Yachiwiri ndi yoti timange mpanda wa udzu ndi masaka kuzungulira bwalo, tiike geti, aliyense wolowa alipire. Zonse ziwirizi ine sindikugwirizana nazo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ya kusonkha ndiyambe nayo. Ife ndife ana oyendera, timagona kwa makolo ndipo timadziwa mmene ndalama imalowera pakhomo. Mayi anga amagulitsa nthochi ndi mandasi m'mbali mwa msewu wa M5. Tsiku lina amagulitsa bwino, tsiku lina nthochi zimapsa n'kuola zili m'dengu. Ife a Fomu 2 tili ndi JCE kutsogoloku, ndipo makolo akuvutika kale ndi makope, yunifolomu ndi zina za mayeso. Ukafika pakhomo n'kunena kuti “Amama, akufuna ndalama ya mpira,” yankho lake mukulidziwa. Ena atha kupereka mosavuta, ndipo amenewo apereke. Koma mukangonena kuti n'zokakamiza, mwagawa sukulu pawiri. Amene alibe sadzabwera tsikulo, adzanamizira mutu kapena malungo chifukwa cha manyazi. Ndipo mukayang'anitsitsa, ambiri mwa iwowa ndi omwe aja amatchetcha bwalo ndi kuimba nyimbo mwamphamvu timu ikamasewera. Sikoyenera kuti munthu atchetche bwalo Lachinayi, Loweruka n'kuuzidwa kuti aime kunja.

Ya geti ija imamveka yanzeru poyamba. Munthu amaona chikhamu cha anthu n'kuganiza kuti yonseyo ndi ndalama. Koma tayang'anani amene amadzaza bwalo lathu pakakhala mpira. Ambiri ndi ana a pulayimale, ife eni sukulu, amayi obereka ana kumbuyo, agogo amene angobwera kudzataya nthawi, ndi anyamata a kabaza amene amaima pang'ono n'kuthamangira pasenjala. Tiyerekeze chabe kuti pabwera anthu 500. Chotsanipo ana aang'ono, chotsanipo ophunzira ndi aphunzitsi a masukulu onse awiri, chotsaniponso mafumu ndi alendo olemekezeka amene simungawalipiritse. Mwina mutsala ndi akuluakulu 100. Mwa amenewo, angati adzalowere pageti pomwe bwalo lathu lili ndi njira zodutsa anthu opita kumjigo ndi kuchigayo? Ena adzakwera m'mitengo ya mango, ena adzaima pachulu, ena adzang'amba saka n'kulowa. Pamapeto pake ndalama yogulira masaka, zingwe ndi kulipira olondera ikhoza kuposa imene yatoleredwa. Tidzakhalanso tayambana ndi mudzi umene unatipatsa malo a sukuluyi ndi kuumba njerwa za makalasi athu.

Ngakhale kwa akuluakulu a Super League, ndalama ya pageti siipita yonse m'thumba la timu. Bullets ikakumana ndi Wanderers bwalo limadzaza, koma asanagawane amayamba achotsa ya apolisi, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito tsikulo. Yotsalayo nayonso imagawidwa, ndipo eni bwalo amatengapo gawo lawo. Ndipo matimu ang'onoang'ono akakumana okhaokha, timamva pawailesi akudandaula kuti zimene apeza sizikukwana ngakhale mafuta a basi. Ngati iwo amene ali ndi mipanda ya njerwa ndi matikiti osindikiza amalira chonchi, ife a mpanda wa masaka tidzalemera bwanji?

Koma musandimve molakwa, anzanga. Kulowa ulere sikutanthauza kuti palibe chokonzekera. Anthu akachuluka, udindo umachulukanso. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, ku Bingu National Stadium ku Lilongwe kunali mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers, wolowa ulere. Anthu anabwera ochuluka, mageti anachedwa kutsekulidwa, anthu anakankhana, ndipo anthu 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Ine ndinali mwana nthawi imeneyo, koma nkhaniyi ndinaimva kunyumba ndipo aphunzitsi anaitchulanso m'kalasi. Bwalo lathu ndi laling'ono ndipo silingafanane ndi limenelo, koma tonse taonapo zimene zimachitika chigoli chikalowa: ana aang'ono amathamangira m'bwalo, akuluakulu pambuyo pawo, wina n'kugwa pansi n'kupondedwa. Taonaponso mowa wa m'masacheti ndi m'mabotolo ukuyenda kuseri kwa golo, mapenate akayandikira n'kuyamba kugendana. Ndiye ngati pali ndalama imene sitiyenera kuumira, ndi ya chingwe chozungulira bwalo ndi ya anthu achitetezo cha m'mudzi. Bola tidye nyemba m'malo mwa nyama koma ana abwerere kwawo ali bwino.

Chifukwa china chimene ndikulembera ndi zimene ndinaona chaka chatha ndili Fomu 1. Tinapita kukasewera kusukulu ina, sinditchula dzina poti si nkhani yonyozana. Tinanyamuka m'mamawa pa lole, titasonkha tokha ya thiransipoti. Titafika tinapeza geti la masaka, ndipo ife ochemerera anatiuza kuti tilipire. Ena tinalibe, tinakhala kunja mpaka aphunzitsi athu anakambirana nawo. Mpira unayenera kuyamba 2 koloko koma unayamba cha m'ma 4 chifukwa oimbira anakana kulowa m'bwalo asanalandire yawo, ndipo amene anasunga ndalamayo sankaoneka. Osewera athu anadya nzimbe ndi zitumbuwa zogula okha. Mpira unatha kuli chisisira, tinafika pa Mpamba usiku, ndipo ine ndinayenda mumdima kuchoka pamsewu kukafika kwathu. Bambo anga anandiuza kuti za mpira ndisadzazitchulenso. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ana a sukulu imeneyo anatiuza kuti iwo anasonkha ndalama, aliyense, koma sanauzidwe kuti yapita kuti. Sindikunena kuti wina anaba, mwina inathera pa zinthu zenizeni. Koma poti palibe chinalembedwa, aliyense ankaloza mnzake chala. Sindikufuna kuti alendo athu adzachoke pano akutinena chimodzimodzi.

Pali anzathu ena, makamaka a Fomu 4 amene maso ali pa MSCE, akuti ngati zili zodula chonchi bwanji tingokana, masewerowa akachitikire kwina. Ndikuwamvetsa, koma sindikugwirizana nawo. Kupita kwina nakonso n'kodula. Lole kapena minibasi yopita mbali ya Chintheche kapena ku boma siyaulere, ndipo imanyamula osewera ndi ochemerera ochepa okha. Ambiri timatsala, makamaka atsikana, chifukwa makolo salola kuti tibwere usiku. Timu imasewera ngati ana amasiye. Mukumbukire kuti mu 2021 Flames inasewera masewero ake apakhomo opitira ku World Cup ku Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Dzina linali lakuti tili pakhomo, koma Amalawi ambiri anangomvera pawailesi, ndipo ndalama za ndege ndi malo ogona zinatuluka ndithu. Wokana kukonza pakhomo amakalipira kwa eni ake.

Komanso mpira ukachitikira pano, ndalama imatsala pano. Amayi a mandasi, a thobwa, a chipisi, a nzimbe ndi a mafirizesi amagulitsa tsiku limodzi zimene amagulitsa masiku angapo. Anyamata a kabaza amapeza. Makolo athu amene sanapondepo pasukulu pano kupatula tsiku la msonkhano amabwera n'kuona ana awo akuchita chinthu chabwino. Ndipo ana a pulayimale amaona kuti ku sekondale kuli moyo. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene dziko lonse likuwadziwa lero, anachokera ku Rumphi konkuno kumpoto, ndipo anayambira pa mabwalo afumbi ngati lathuli. Mwana amayamba kulakalaka chinthu akachiona ndi maso.

Tsono ngati sitikufuna kusonkha kokakamiza, sitikufunanso geti, ndalama ichokera kuti? Nazi zimene ndikupempha aphunzitsi athu, komiti ya makolo ndi mapulifekiti kuti aziganizire.

Choyamba, ndondomeko ya ndalama ilembedwe n'kumatidwa pa bolodi lino kutatsala masabata awiri. Chinthu chilichonse ndi mtengo wake: oimbira, laimu, ufa, ndiwo, chingwe, mankhwala. Munthu amapereka mosavuta akadziwa chimene akugula. Komanso tikaona mndandandawo tidzazindikira kuti zina n'zosafunika. Zokuzira mawu za haya ndi mafuta a jenereta, mwachitsanzo, ndi zabwino koma mpira utha kuseweredwa popanda izo. Tili ndi ng'oma ndi makosi athu.

Chachiwiri, zimene tingathe kuchita ndi manja tichite ndi manja, ndipo ntchitoyo iwerengedwe ngati chopereka. Kutchetcha, kukwirira maenje, kusoka maneti ndi twaini, kubweretsa phulusa la mizere ndi nkhuni. Kuno kunyanja kusoka ukonde si chinthu chachilendo, ndipo ena a inu muli ndi amalume odziwa ntchito imeneyi. Amene kwawo kuli chinangwa abweretse kambale ka ufa wa kondowole, amene kwawo kuli mpunga wa ku Limphasa abweretse kapu imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, alipire ndi amene apindule. Aliyense wogulitsa malonda pabwalo apereke kangachepe ka malo, apatsidwe kapepala kosainidwa. Ndinawafunsa mayi anga za zimenezi ndipo anati atha kupereka bola iwo aone kuti aliyense akupereka mofanana, osati wina kulowa ulere chifukwa ndi mlamu wa wakomiti. Mabenchi a m'kalasi aikidwe pamthunzi, ndipo wamkulu wofuna kukhala pabenchi alipire pang'ono. Woimirira aonere ulere. Pa hafu taimu mbale iyende, woponya aponye mwa kufuna kwake.

Chachinayi, tilembe makalata kwa a magolosale ndi a mabizinesi a pa Mpamba, ndiponso kwa amene anaphunzira pano amene akugwira ntchito ku Mzuzu, ku boma kapena m'maesiteti a tiyi ndi raba. Tisapemphe ndalama yongoti ndalama. Tipemphe chinthu: uyu mpira umodzi, uyu mafuta ophikira, uyu chingwe. Chinthu n'chovuta kusowa kusiyana ndi ndalama, ndipo woperekayo akabwera adzachiona ndi maso. Mayina awo awerengedwe pamaso pa anthu ndipo tiwathokoze, tinene yewo ngati mmene timachitira kwathu kuno.

Chachisanu ndi cha ife atsikana, ndipo anyamata muwerenge bwino. Nthawi zonse kukabwera alendo, amene amatumidwa kumjigo ndi kukhitchini ndi ife. Timapereka mofanana ndi aliyense, koma mpira timaumvera ku utsi, tikumva anthu akukuwa osadziwa kuti wagoletsa ndani. Ulendo uno ntchito igawidwe. Anyamata amene sakusewera atunge madzi ndi kuwaza nkhuni, chakudya chipse mpira usanayambe, ndipo mbale zitsukidwe ndi onse. Netibo nayonso ipatsidwe nthawi yake yabwino, osati kuiseweretsa m'mawa anthu asanabwere ngati yongotsegulira njira.

Chachisanu ndi chimodzi ndi nthawi. Oimbira alandire yawo m'mawa pamaso pa mboni kuti pasakhale zodikirana, ndipo mpira uyambe msanga. Pa chipulula pamatha kukhala mapenate, ndipo ambiri a ife timayenda mtunda wautali. Alendo nawonso ali ndi ulendo. Palibe chikho chimene chingakhale chofunika kuposa kuti mtsikana wa Fomu 1 afike kwawo kukuwala.

Chomaliza, masewero akatha, sabata isathe tisanaone lipoti pa bolodi lomweli: zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati kapena tili ndi ngongole yanji. Ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata, akhale nawo powerenga ndalama. Ndikupemphanso a kalabu ya masamu kuti ayese kuwerenga anthu amene abwere, ngakhale mongoyerekeza mbali ndi mbali. Chaka chilichonse timangoti “kunali anthu ambiri,” koma palibe amadziwa kuti ambiriwo ndi angati, ndiye chaka chotsatira timayambanso kulota ndalama za pageti zimene kulibe. Tikalemba chaka chino, a Fomu 1 adzakhala ndi poyambira ulendo wina.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mwana wa Fomu 2 akulowerera nkhani za akuluakulu. Aphunzitsi athu, sindikukayikira aliyense wa inu, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zambiri mumatulutsa za m'thumba mwanu kuti timu iyende, ife osadziwa. Kulemba poyera kukutetezani inuyo poyamba, chifukwa palibe adzanong'one kuseri kuti ndalama yadyedwa. Ndipo m'kalasi mumatiphunzitsa za kuchita zinthu poyera ndi za bajeti. Mpira uwu ndi mwayi woti tizione zikuchitika pasukulu pathu pomwe, osangoziloweza chifukwa cha mayeso.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo athu adzakhala pano tsiku limodzi lokha, koma zimene adzaone adzazinena kwawo chaka chonse, ndipo ife tidzatsala pano ndi makolo athu, mudzi wathu ndi ngongole ngati tiipanga. Ndikufuna tipambane, ndipo ndidzakuwa mpaka mawu adzasasenso. Koma ndikufunanso kuti tsikulo mnzanga amene alibe ngakhale K100 adzaime pambali panga pa chingwe, osati mumtengo wa mango.

Amene akugwirizana nane, kapena amene ali ndi nzeru ina yoposa iyi, alembe pansipa kapena auze pulifekiti wa zamasewero msonkhano wa Lachisanu usanachitike. Chonde osang'amba pepalali, ena sanawerenge.

Ndine mnzanu,
Mtsikana wa Fomu 2